Madzi a Freddy m'chipinda chapansi ndi chipukutamisozi chimene chinaperewera

Nkhani iyi, ya katundu wa banja lina amene anaonongeka ndi madzi a namondwe Freddy, ndinaiyendetsa ndekha kuyambira pa 13 Malichi 2023 mpaka mu Ogasiti chaka chomwecho, ndili pa ntchito ya ukhalapakati wa inshuwalansi mumzinda wa Blantyre. Sinditchula banja limene linakhudzidwa, kampani ya inshuwalansi, assessor (amene kampani imatuma kudzaona ndi kuwerengera zoonongeka) ngakhale ofesi yathu, ndipo ndalama ndazilemba mosawerengera timakwacha totsalira kuti masamu ake aoneke bwino. Ndikulembera makamaka anzanga amene timalembetsa anthu inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba, chifukwa zambiri zimene zinatsitsa malipiro a banjali zinali zitachitika kale mvula isanayambe, ndipo zina mwa izo zinachitikira pa desiki langa.

Nyumbayo inamangidwa pamalo otsetsereka, monga zilili nyumba zambiri za m'mbali mwa mapiri a Blantyre. Munthu akaima kumsewu amaona nyumba wamba, koma akazungulira kuseri amapeza kuti pansi pa pabalaza pali chipinda china chachikulu chimene khoma lake limodzi linatsamira dothi. Kuchipindacho amatsikira pa masitepe asanu ndi atatu, n'kufika pa kabwalo ka simenti kozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa, ndipo madzi a pakabwaloko ankatulukira pa mabowo awiri okha a m'munsi mwa mpandawo. Bambo a m'nyumbamo analembetsa katundu wawo mu 2019 pa mtengo wa K18 miliyoni, ndipo chaka ndi chaka mgwirizano unkapitirizidwa pa mtengo womwewo. Pa fomu yoyamba chipinda chapansicho anachilemba kuti ndi stoo, ndipo pa nthawiyo chinalidi stoo.

Pofika mu 2023 chinali chitasintha kotheratu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kumene kunatsatira kunachititsa banjali kugula inveta, mabatire anayi ndi jenereta, zonse n'kuikidwa pansipo chifukwa cha phokoso ndi kutentha. Firiji yaikulu yosungira nyama inatsikiranso komweko. Mwana wamkulu atabwerako ku koleji anamuikira bedi, sofa ndi wailesi yakanema kumbali ina. Mayi, amene poyamba ankasokera ana awo okha, anali atayamba kulandira maoda a yunifolomu za sukulu, ndipo anaikamo makina ena awiri, makina opendera m'mphepete ndi mipukutu ya nsalu. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mgwirizano wawo ndinaupitiriza mu Sepitembala 2022, pa K18 miliyoni, polemba kalata imodzi, osaimba foni ndiponso osakaona nyumbayo.

Namondwe Freddy anafikanso kumtunda pafupi ndi Quelimane ku Mozambique usiku wa Loweruka pa 11 Malichi, ndipo mvula inagwa ku Blantyre osalekeza masiku otsatirawo. Lolemba pa 13 Malichi, tsiku limene Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chagwa m'ngozi, bambowo anandiimbira m'mamawa. Mawu awo anali ochepa: "Achimwene, pansi paja padzaza, madzi akulekeza m'chiuno." Poyerekeza ndi zimene zinachitika ku Chilobwe, kumene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ndi anthu, iyi inali ngozi yaing'ono, ndipo bambowo ankachita manyazi kuitchula n'komwe. Ndinawauza zinthu zitatu: azimitse magetsi onse ndipo pasapezeke wolowa m'madzimo muli mabatire, ajambule chilichonse asanasunthe kanthu, ndipo asataye chinthu osandiuza. Kampani ya inshuwalansi ndinaidziwitsa pafoni tsiku lomwelo, n'kutumiza kalata m'mawa mwake, popeza mgwirizano umafuna kuti ngozi inenedwe msanga ndipo foni yokha siisiya umboni.

Ndinafika panyumbapo Lachitatu. Madzi anali ataphwa chifukwa mnyamata wa pakhomo anagumula mpanda kumunsi kuti atuluke, koma anasiya mzere wofiirira pamakoma onse anayi, ndipo nditayeza ndinapeza kuti unali pa mita imodzi ndi masentimita 10. Pansi panali matope okhuthala pafupifupi chikhatho, ndipo m'matopemo munali mapesi a chimanga, mabotolo apulasitiki, makala ndi patapata mmodzi wa mwana, chonsecho m'nyumbamo munalibe mwana wamng'ono. Ndinajambula zonsezi ndili ndi tepi yoyezera m'manja, osadziwa kuti patapatayo adzakhala mboni yathu. Fungo lake linasonyeza kuti thanki ya zoipa za kuchimbudzi inali itasefukiranso.

Apa ndi pamene ndinapanga chiganizo choyamba chovuta. Mwa lamulo la ntchito yathu, katundu woonongeka amayenera kudikira assessor, popeza kampani ikalipira zotsala zimakhala zake. Koma dziko linali m'kati mwa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022, ndipo m'chipindamo munali matiresi onyowa ndi madzi a zoipa, matumba 12 a chimanga amene anali atayamba kutentha, ndi nyama yowola m'firiji. Kampani inandiuza kuti assessor sangafike sabata imeneyo chifukwa anali ndi maulendo ambiri ndipo misewu ina inali itaduka. Ndinalembera kampani kuti zinthu zowola tizitaya pofika Lachisanu pokhapokha atatiletsa, ndipo anavomera m'mizere iwiri. Matumba tinawawerenga akujambulidwa, matiresi aliwonse tinadulako kachigawo kokhala ndi chizindikiro cha kampani yopanga n'kukasunga m'jumbo, ndipo zamagetsi zonse tinazisiya mmene zinalili, osazitsuka ngakhale kuziyesa ngati zingayake. Chimene ndinachedwa nacho ndi sofa ndi kapeti: Lachiwiri mayi anali atazipereka kwa banja lina la kumunsi limene nyumba yawo inagwa. Sindikanawadzudzula pa zimenezo, koma kunali kofunika kupeza umboni wina, ndipo tinaupeza pa zithunzi za phwando la tsiku lobadwa la mwana wawo zimene zinajambulidwa m'chipindamo mu Disembala.

Malisiti nawo anali m'katoni pansi pomwepo ndipo anasanduka phala. Mndandanda wa katundu tinaulemba masiku anayi, chinthu chimodzichimodzi, ndi chaka chogulira ndi mtengo wa nthawiyo. Inveta ndi mabatire tinazitsimikiza ndi sitetimenti ya kubanki ndi mauthenga a pa WhatsApp a pakati pa bambo ndi wogulitsa, jenereta ndi nambala ya pa injini, ndipo pa zina tinatenga makoteshoni awiriawiri m'masitolo a ku Limbe. Zonse zinakwana K11.4 miliyoni. Makina osokera ndi nsalu tinazilemba momveka kuti ndi chiyani ndipo zinkagwira ntchito yanji. Bambowo anafunsa ngati sitingangolemba kuti zinali za pakhomo, ndipo ndinakana: m'chipindamo munali yunifolomu 60 za msinkhu wosiyanasiyana, ndipo bodza pa chinthu chimodzi likhoza kugwetsa claim (pempho la chipukutamisozi) yonse.

Assessor anafika pa 22 Malichi, patatha masiku asanu ndi anayi, chipinda chitatsukidwa mbali yaikulu. Anali munthu wodziwa ntchito, ndipo maso ake anakakhazikika pa khoma lotsamira dothi lija. Utoto unali utatukusira, m'munsi munali ufa woyera ngati mchere umene umatuluka m'njerwa zokhalitsa ndi chinyezi, ndipo makatoni a mabuku amene anali atatsamira khomalo anali ndi nkhungu yakuda, youma, imene siingamere m'sabata imodzi. Kumayambiriro kwa Meyi kampani inatilembera kuti siinavomere kapena kukana, koma ikuona ngati madziwo anachucha m'khoma pang'onopang'ono chifukwa khomalo silinatetezedwe bwino ku chinyezi, ndipo mgwirizano sulipira kuonongeka kobwera mwapang'onopang'ono.

Anzanga ena amaona kalata yotere ngati njomba yozembera kulipira, koma ine sindinaione choncho, chifukwa funso lake ndi lenileni ndipo makhoti analimbana nalo kalekale. Mu 1976, pa mlandu wa Young v Sun Alliance, khoti la apilo ku England linagamula kuti madzi okwana mainchi atatu amene anachucha kuchokera pansi n'kudzaza kachimbudzi ka m'nyumba sanali madzi osefukira, popeza liwu la madzi osefukira mu mgwirizano likaima pamodzi ndi namondwe ndi mkuntho limatanthauza chinthu chachikulu, chadzidzidzi ndi chosazolowereka. Patapita zaka zoposa 20, pa mlandu wa Rohan Investments v Cunningham, khoti lomwelo linavomereza kuti madzi amene anaunjikana padenga pambuyo pa mvula yamphamvu n'kulowa m'nyumba anali osefukira. Zigamulo za ku England sizimanga makhoti athu, koma oweruza amaziganizira, ndipo mawu a m'migwirizano yathu yambiri anachokera komweko. Choncho ntchito yanga siinali kukana kuti khomalo linali ndi chinyezi. Linali nacho. Ntchito inali kusonyeza kuti chinyezicho ndi madzi a pa 13 Malichi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndi kuti chimene chinaononga katundu ndi chachiwiricho.

Yankho langa linatsamira pa zinthu zooneka ndi maso. Madzi ochucha m'khoma amakhala atasefedwa ndi dothi ndi njerwa, ndipo sangabweretse mapesi, makala kapena patapata wa mwana wa eni. Mzere wa matope unali wofanana pamakoma onse anayi ndi kunja komwe, pa mpanda wa kabwalo kaja, kusonyeza kuti kabwaloko kanasanduka dziwe. Mabowo awiri otulutsira madzi ndinali nditawajambula atatsekeka ndi zinyalala. Mpanda wa nyumba ya kumtunda unagwera m'ngalande ya msewu usiku wa pa 12 Malichi, madzi n'kupatukira pa geti la banjali, ndipo mwini mpandawo anavomera kulemba kalata yaifupi yotsimikiza zimenezo. Umboni wotsiriza unali pa foni ya mwana wawo: kanema wa masekondi 40, wojambulidwa cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndi tochi, madzi ofiira akutsika pa masitepe ngati mathithi, mawu a mayi akumveka akumuuza kuti akwere kumtunda. Kanemayo anali atakhala pafoni miyezi iwiri popanda womufunsa, ndipo wolakwa ndine, chifukwa ndinafunsa bambo okha za zithunzi, osafunsa aliyense wa pakhomopo. Makatoni a mabuku aja, a K400,000, tinawachotsa tokha pa mndandanda n'kunena poyera kuti anaonongeka kale ndi chinyezi. Ndikukhulupirira kuti kuvomera kumeneku n'kumene kunapangitsa assessor kukhulupirira zina zonse. Kumapeto kwa Meyi kampani inavomereza kuti ngoziyo ndi ya madzi osefukira.

Banjali linaganiza kuti nkhani yatha ndipo K11 miliyoni ikubwera. Ndinayenera kuwachenjeza nthawi yomweyo za gawo la average, koma ndinazengereza, poyembekeza kuti mwina kusiyana kwake kudzakhala kochepa. Gawo limeneli limanena kuti ngati katundu yense wa m'nyumba ndi wa mtengo woposa umene unalembetsedwa, mwini wake amatengedwa kuti wadzisenzera yekha gawo lotsalalo, ndipo kampani imalipira molingana. Anthu ambiri amaganiza kuti popeza analembetsa K18 miliyoni, chilichonse chosapitirira pamenepo chidzalipidwa chonse, ndipo ndi ochepa mwa ife amene timakhala nawo pansi kuwafotokozera ndi manambala kuti sizili choncho.

Kalata ya mu Juni inali motere. Pa K11.4 miliyoni anachotsapo K3.5 miliyoni ya makina onse osokera, nsalu ndi yunifolomu ngati katundu wa bizinesi, K400,000 ya mabuku, ndi K800,000 ya kutha kwa zovala, zofunda, matiresi ndi sofa, n'kutsala K6.7 miliyoni. Katundu yense wa m'nyumba anamuwerengera pa K36 miliyoni, kutanthauza kuti banjali linalembetsa theka lokha, ndipo theka la K6.7 miliyoni, kuchotsapo excess (gawo limene mwini katundu amadzilipirira yekha) ya K200,000, linapereka K3.15 miliyoni. Nditawawerengera kalatayo, mayi anakhala chete kwa nthawi, kenako anandifunsa kuti, "Ndiye zaka zinayi zonsezi timalipira chiyani, bambo?" Funsolo linali loyenera, ndipo yankho loona linali lakuti ankalipira theka la chitetezo chimene ankaganiza kuti ali nacho, ndipo amene akanawauza anali ine.

Ndinapempha mndandanda wonse umene assessor anawerengera K36 miliyoni ija. Ambiri timathera mphamvu pokangana za mtengo wa zinthu zoonongeka, n'kuiwala kuti nambala inayo, ya katundu yense, ndi imene imadula kwambiri. Mu mndandandawo ndinapeza zolakwika ziwiri. Choyamba, makina osokera ndi nsalu, zimene anakana kulipira ponena kuti si katundu wa m'nyumba, anaziwerengera ngati katundu wa m'nyumba pofuna kusonyeza kuti banjali linalembetsa mochepa. Chinthu sichingakhale kunja kwa mgwirizano polipira n'kukhala m'kati mwake podula. Chachiwiri, anawerengeramo makabati omangidwira kukhoma a kukhitchini, giza ndi mapanelo a sola a padenga, za K2.8 miliyoni, zimene ndi mbali ya nyumba ndipo zinali kale pa inshuwalansi ya nyumbayo imene banki inawakakamiza kutenga pa ngongole. Ndinaonjezanso nkhani ya makina amodzi akale a Singer, opalasa ndi phazi, amene mayi analandira pa ukwati wawo ndipo analembedwa pa fomu ya 2019 bizinesi isanayambe. Tinakumana ndi assessor ndi mkulu woona za ma claim kumayambiriro kwa Julayi, ndipo mfundo zitatuzi anazivomera popanda mkangano waukulu.

Masamu omaliza anasintha motere: katundu wa bizinesi wochotsedwa anatsika kufika pa K3.2 miliyoni, zoyenera kulipidwa zinakwera kufika pa K7 miliyoni, katundu yense anatsika kufika pa K30 miliyoni, ndipo K18 miliyoni pa K30 miliyoni ndi 60 peresenti. Izi zinapereka K4.2 miliyoni, ndipo pochotsa excess panatsala K4 miliyoni. Pa nkhani ya kutha kwa katundu sindinalimbane nawo, chifukwa mgwirizano wa banjali unali wobwezera munthu pamene anali ngozi isanachitike, osati womugulira chatsopano m'malo mwa chakale, ndipo zimene anachotsa pa matiresi a zaka zisanu ndi chimodzi zinali zomveka.

Ndinawafotokozera kuti ngati sakukhutira ali ndi ufulu wodandaula kwa akuluakulu a kampaniyo, kenako kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi ndi ife akhalapakati tomwe. Ndinawauzanso maganizo anga, akuti pa gawo la average kampani inali pa chilungamo chifukwa mawu ake analembedwa momveka, ndi kuti ngati pali wodandaulidwa pa nkhani ya K18 miliyoni ndi ofesi yathu. Izi ndinali nditauza kale abwana anga, ndipo tinadziwitsa amene amatiteteza ife pa zolakwa za pantchito. Mufayilo munali kalata ya Sepitembala 2022, ndipo m'munsi mwake munali chiganizo chimodzi cha Chingerezi cholangiza kasitomala kuunikanso mtengo wa katundu wake. Chiganizocho mwina chikanatiteteza pamaso pa woweruza, koma sindinganene kuti ndinalangiza munthu pamene ndinkadziwa kuti kwacha yagwa miyezi inayi yapitayo, kuti theka la makasitomala anga agula mainveta chaka chimenecho, ndipo sindinatole foni. Bambowo anaganiza sabata imodzi n'kubwera kudzasaina. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kuti alibe mphamvu yoyenda m'maofesi chaka china. Ndalama inalowa ku akaunti yawo pakati pa Ogasiti, miyezi isanu chichitikire ngozi.

Kuchokera pa nkhaniyi ndinasintha kachitidwe kanga m'njira zingapo zimene anzanga angazione ngati n'zothandiza. Mgwirizano wa katundu wa m'nyumba sindiupitirizanso ndi kalata yokha. Ndimaimba foni n'kufunsa chipinda ndi chipinda chimene chalowa chatsopano, ndipo funso la stoo, galaja ndi chipinda chapansi ndimalifunsa padera, chifukwa anthu akamawerengera katundu wawo amakumbukira za pabalaza n'kuiwala kumene kuli zodula. Ndimafunsa mayi a pakhomo mwachindunji ngati pali chogulitsa chimene chimasungidwa m'nyumba, kaya ndi nsalu, kaunjika, mazira kapena zodzoladzola, popeza bambo amayankha kuti palibe bizinesi akutanthauza kuti palibe sitolo. Gawo la average ndimalifotokoza m'Chichewa ndi manambala a munthuyo, n'kulemba mufayilo tsiku ndi zimene wayankha. Ndipo ngozi ikachitika ndimapempha mafoni a onse a pakhomo, kuphatikizapo antchito, tsiku loyamba.

Ndalama itafika ndinawalangiza kugula msanga zimene zimachokera kunja, ndipo mu Sepitembala anagula inveta ndi mabatire awiri m'malo mwa anayi. Firiji anati idikire bonasi ya Disembala, koma mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene anasungira firiji yaikulu inangokwanira yaing'ono. Mgwirizano tinaupitiriza mu Sepitembala pa K32 miliyoni titayenda m'nyumba yonse ndi kope, ndipo mu Disembala tinaukwezanso chifukwa cha kugwa kwa kwachako. Kampani inavomera kupitiriza kuteteza chipinda chapansi pokhapokha mabowo a mpanda atakulitsidwa ndi kuikidwa zitsulo zotchinga zinyalala, ndipo zamagetsi zitakwezedwa pa mashelefu osachepera mita imodzi ndi theka, zimene zinachitika mvula ya chaka chimenecho isanayambe. Mayi anabweza ndalama za makolo amene yunifolomu zawo zinaonongeka potenga ngongole ku banki m'khonde, anayambiranso ndi makina amodzi m'kachipinda ka lendi pafupi ndi msika, ndipo inshuwalansi ya bizinesiyo anakalembetsa kwa mkhalapakati wina.